Kavaneti kauka, nanga kadzaima bwanji?

Pa parishi ina kuno kum'mawa pali kavaneti ka Datsun kamene kanakhala zaka 7 pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zili kuikiramo mazira. Caka catha anyamata a pa parishipo, motsogozedwa ndi mnzao amene anaphunzirako za umakanika, anapempha akomiti kuti awalole kukaukitsa. Akristu anasonkha, wina ndalama, wina nkhuku, wina tini ya nshawa. Anyamata anakagula injini ya Corolla yogwirapo kale nchito ku Lusaka, anaocherera pansi pamene panadyeka ndi dzimbiri, napaka penti wobiriwira. Tsiku limene injini inalira, amai analuluta ndipo ana anathamanga kuzungulira chalichi. Ife tinalipo, ndipo tinakondwa nao.

Pambuyo pake tinaona pepala la zinthu zimene zatsala kugula. Pamwamba panali malimu onyezimira, kenaka wailesi ndi masipika ake, kenaka zomata pa magalasi. Mabuleki anali pa mzere wotsiriza, ndipo pambali pake panalembedwa mau akuti "zikatsalako". Mzere umenewu ndiwo watikhazika pansi kuti tilembe lero, cifukwa kavaneti kameneka sikadzakhala koonetsa pa bwalo. Kadzanyamula kwaya, kadzathamangira ku cipatala usiku ndi mai wapakati, kadzatenga maliro, ndipo pa nthawi yokolola kadzapita ku depoti ya FRA ndi cimanga ca akristu. Akale anati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere.

Nkhani iyi si ya parishi imodzi cabe. Yendani mu Great East Road kucokera ku Chongwe mpaka ku Chipata, mudzaona m'magalaja a m'mbali mwa mseu tumavaneti totere tuli pa miyala, tuyembekezera injini. Mlimi akagulitsa soya, thonje kapena fodya, amagula cigoba cakale pa mtengo wochipa, nauza makanika kuti aikemo injini "yokoka". Za liwiro onse amakambirana mpaka dzuwa kulowa. Za kuima amangoti tidzaona.

Tumavaneti tumeneti tili ndi mbiri yabwino, ndipo sitifuna kutunyoza. Datsun 1200 ya vaneti inayamba mu 1971, ndipo ku South Africa anapitiriza kuipanga, pambuyo pake ndi injini ya 1400 ndi dzina la Nissan, mpaka mu 2008. Ndi galimoto yosavuta kukonza, zitsulo zake zipezeka, ndipo ikakhala yopanda katundu siifika ngakhale tani imodzi. Koma zakale-kale zinatuluka m'fakitale ndi mabuleki a madilamu ku mawilo onse anai. Ndi zapambuyo pake zimene zinabwera ndi madisiki kutsogolo pamodzi ndi busita yothandiza mwendo. Amene anapanga madilamu aja anawayeza ndi injini yaing'ono ndiponso katundu wa pafupi theka la tani. Mukaikamo injini ya Corolla, galimoto ifika msanga pa liwiro limene kale inali kuvutika kufikapo, koma mabuleki akali a m'ma 1970.

Tiyeni tiwerenge pang'ono, popeza alimi masamu a matumba amawadziwa. Nchito ya buleki ndiyo kusandutsa liwiro kukhala kutentha. Kulemera kukawirikiza kawiri, kutentha kumene mabuleki ayenera kumeza kuwirikizanso kawiri. Thumba la cimanga ndi makilogalamu 50. Matumba 10 ndi theka la tani, ndipo apo kavaneti kafika kale pa muyeso wake. Matumba 20, amene tonse tawaonapo atasanjidwa mpaka kupitirira denga, ndi tani yathunthu, kulemera koposa kavaneti keni-keniko. Liwiro ndiye loipa koposa, cifukwa likawirikiza kawiri, kutentha ndi mtunda woimira ziwirikiza kanai. Pa tala youma, ndi matayala abwino ndi mabuleki abwino, galimoto yothamanga makilomita 40 pa ola iima pa mamita pafupi 9 kucokera pamene buleki yagwira. Pa makilomita 80 pa ola ifuna mamita pafupi 36. Onjezanipo mamita 22 amene galimoto imayenda mu sekondi imodzi ija dalaivala ali kuona ng'ombe ndi kusuntha mwendo, mwapitirira kale theka la bwalo la mpira. Pa mseu wa fumbi mtunda umenewu utalikanso kwambiri. Tsono galimoto yolemera kawiri yothamanga kawiri ipatsa mabuleki ake kutentha kowirikiza kasanu ndi katatu.

Pa malo a see izi sizioneka, ndiye cake anthu amati takhala tiyenda nayo zaka zonsezi. Zioneka pa citsikiro. Amene apitapo ku Lusaka adziwa mapiri a Manenekela ndi mitsiko yokhota-khota ya kufupi ndi mlatho wa Luangwa, ndipo boma lililonse lili ndi kaphiri kake kamene madalaivala amakaopa. Pa mtsiko wautali mwendo ukhala pa buleki, dilamu itentha ndi kufutukuka, mashuzi a m'kati safikanso bwino pa citsulo, ndipo copondera ciyamba kupita pansi. Dilamu ndi yotsekeka ngati mphika wovundikira, kutentha kulibe potulukira. Disiki ili pa mphepo, ndipo ikatentha siithawa mapadi amene aipana mbali zonse ziwiri. Ici ndico cifukwa cake madisiki anachuka kucokera mu 1953, pamene Jaguar inapambana nao mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Dilamu ivutanso m'dzinja: mukaoloka kamtsinje madzi amakhala m'kati, ndipo buleki yoyamba siigwira mpaka mutayenda pang'ono muli kuponda mopepuka kuti muumitse.

Titafunsa mnyamata wotsogolera nchito ija za mzere wotsiriza, sanakwiye. Anati atate musade nkhawa, ku sikilapu kuli Hilux yakugwa, tidzacotsa madisiki ndi makalipa ake ndi kumanga pa kavaneti kathu, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, kadzaima ngati kagunda cipupa. Apa ndi pamene tinaopa koposa, cifukwa maganizo amenewa amveka anzeru ndipo ambiri angawavomere.

Cimene ciimitsa galimoto ndi tayala pa nthaka. Buleki ikafika poti igwire wilo n'kuleka kuzungulira, mphamvu yoonjezerapo siithandiza kanthu, tayala lingoselereka. Pa galimoto yopepuka, buleki yaikulu ya galimoto yolemera kawiri imagwira wilo msanga kwambiri, maka-maka pa fumbi ndi pa matope. Mawilo akutsogolo akagwidwa, ciongolero cileka kumvera, mupita kumene galimoto yalunjika ngakhale mukhote bwanji. Akumbuyo akayamba kugwidwa ndiye ngozi yeni-yeni, cifukwa mbuyo ya galimoto ithamangira kutsogolo, galimoto izungulira ndi kukagwera m'ngalande. Poima, kulemera kwa galimoto kuthamangira kutsogolo ndipo mbuyo ipepuka. Ndiye cifukwa cake opanga galimoto amapatsa mawilo akutsogolo gawo lalikulu la nchito, kawiri-kawiri magawo awiri mwa atatu kapena kuposa, ndipo pa mavaneti ambiri amaikanso kavavu kocepetsa mphamvu ya mafuta opita kumbuyo pamene mulibe katundu. Kumanga madisiki a Hilux kumbuyo kwa kavaneti kopanda katundu ndiko kuononga muyeso umenewu.

Ku Britain, Colin Chapman anayamba kugulitsa Lotus Seven mu 1957, kagalimoto ka anthu awiri kolemera pafupi theka la tani, kamene ambiri anali kugula m'zidutswa ndi kukamanga okha kunyumba. Zoyambirira zinali ndi madilamu ang'ono, ndipo anali kukwanira cifukwa galimotoyo inali yopepuka ndipo kulemera kwake sikunali kusintha kweni-kweni. Anzathu aja amanga tumagalimoto tao kuti asewere pa Sondo. Kathu ndi kosiyana, ndipo vuto lake ndi lalikulu kuposa lao: m'mawa kapita ku tauni kali kopepuka, madzulo kabwera ndi feteleza kali kolemera kawiri. Mabuleki ake ayenera kukwanira galimoto ziwirizi, osagwira msanga pa yopepuka ndiponso osatopa pa yolemera. Zimenezi sizipezeka mwa kungosankha citsulo cacikulu pa sikilapu.

Palinso nkhani ya masita silinda, pampu ija imene mwendo umakankha. Kalipa yaikulu ili ndi mapisitoni akulu amene afuna mafuta ambiri kuti asunthe. Masita yaing'ono ya Datsun ikalumikizidwa ndi makalipa otere, copondera cimayenda mtunda wautali, mwina mpaka pansi, buleki isanagwire bwino. Mukasintha ndi kuika masita yaikulu kopitirira, copondera ciuma ngati mwala ndipo mwendo ulephera kupereka mphamvu yokwanira. Kenaka madisiki akulu salowa m'mawilo a mainchi 12 kapena 13, ndiye mugule mawilo ena, ndi matayala ena, ndipo citsulo conseci cilemetsa wilo kotero kuti pa mseu wa mabampu lingodumpha-dumpha m'malo mogwira pansi. Cotsiriza, kalipa ya galimoto ina siigwirizana ndi maboo a galimoto yanu, motero wina adzati tiocherere kacitsulo kolumikizira. Ife tilemekeza anyamata oocherera, atipangira mageti ndi ngolo zolimba. Koma kacitsulo kameneko ndiko kanyamula mphamvu yonse yoimitsa galimoto, ndipo kakathyoka kathyokera pa tsiku limene mwaponda mwamphamvu koposa masiku onse.

Nanga ticite ciani? Ife tiganiza kuti ndalama yoyamba ipite ku zinthu zimene sizioneka ndipo palibe adzaziyamikira pa bwalo la chalichi. Yambani ndi matayala. Tayala lili ndi tizizindikiro m'mizere yake toonetsa pamene latsala ndi mamilimita 1.6, ndipo likafika apo latha. Pambali pake pali manambala anai otsiriza oonetsa sabata ndi caka cimene linapangidwa: 2315 ndiye kuti sabata ya 23 ya caka ca 2015. Tayala la salaula lingakhale ndi mizere yakuya koma mphira wake utauma ndi ukalamba, ndipo mphira wouma sugwira mseu.

Kenaka mafuta a mabuleki. Mafuta amenewa amamwa cinyezi ca mumpweya pang'ono-pang'ono, ngakhale galimoto ili ciimire. A mtundu wa DOT 3 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 205, koma akamwa madzi angawire pa madigiri 140. A DOT 4 ayambira pa 230 ndi kutsika kufika pa 155. Mafuta akawira m'paipi mukhala nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, conco muponda mpaka pansi popanda cogwira. Ndiye cake opanga galimoto ambiri amati asinthidwe pa zaka ziwiri zilizonse. M'kavaneti ka pa parishi kaja muli mafuta a zaka 7 kapena kuposa, akuda ngati tiyi wopanda mkaka, pamene botolo latsopano mtengo wake sufika ngakhale pa thumba limodzi la cimanga. Musasakanize ndi a DOT 5, amenewo ndi a mtundu wina. Ndipo tinene poyera zimene zicitika m'midzi: ena mafuta akatha amathiramo madzi a sopo, ena oilo ya injini. Oilo itupitsa ndi kuononga malabala onse a m'kati, madzi awira pa madigiri 100 ndi kudyetsa dzimbiri. Enanso paipi ya wilo limodzi ikadontha amaipinda ndi kuimenya ndi nyundo, nayenda ndi mabuleki atatu mwezi wathunthu.

Pa galimoto imene yakhala zaka zambiri, mapaipi a labala opita ku mawilo asinthidwe onse, cifukwa amang'ambika kunja ndi kutupa m'kati. Mapaipi a citsulo aonedwe dzimbiri kucokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Masilinda a ku mawilo asadonthe, mashuzi ndi mapadi asinthidwe awiri-awiri, kumanzere ndi kumanja pamodzi, kuti galimoto isakokere mbali imodzi. Handibuleki igwire pa phiri popanda mwana kuthamanga ndi mwala. Pocotsa dilamu yakale musapuzire fumbi lake ndi pakamwa kapena ndi pampu, popeza mashuzi akale ambiri anali ndi asibesitosi amene aononga mapapo; pukutani ndi nsalu yonyowa.

Zikatha izi, pali kusintha kuwiri kumene ife tikuvomereza ndi mtima wonse. Koyamba ndi masita ya njira ziwiri. Galimoto zambiri zakale zili ndi masita ya njira imodzi, kutanthauza kuti paipi imodzi ikaphulika paliponse, mawilo onse anai ataya buleki nthawi imodzi. Ya njira ziwiri igawa mawilo m'magulu awiri, gulu lina likafa lina litsala. Kwaciwiri ndi madisiki kutsogolo, koma ocokera ku banja lomwelo. Popeza Nissan 1400 yapambuyo pake inatuluka ndi madisiki, funani zonse za kutsogolo kwa imeneyo, pamodzi ndi masita ndi busita yake, zimene akatswiri a ku fakitale anaziyeza kale kuti zigwirizane ndi madilamu a kumbuyo. Kumbuyo siyani madilamu, angokonzedwa bwino. Disiki ya pa sikilapu iyezedwe, pakuti pa disiki iliyonse amadindapo kucepa kumene siiyenera kupitirira. Mapadi gulani atsopano kwa wogulitsa wodziwika. Apa si pofunira zochipa.

Za busita tionjezepo mau, cifukwa ambiri aiyesa mankhwala a zonse. Busita siionjezera kugwira kwa tayala kapena kucotsa kutentha, ingopeputsa mwendo. Imagwira nchito ndi mpweya umene injini ya petulo imakoka. Amene aika injini ya dizilo m'tumavaneti tumeneti adziwe kuti dizilo siikoka mpweya motero, ifuna kapampu kake-kake, ndipo popanda kapampu ako busita ndi cokongoletsa cabe. Adziwenso madalaivala amene amacotsa giya ndi kuzima injini pa mtsiko kuti asunge mafuta: injini ikazima busita itsala ndi mphamvu ya kuponda kawiri kapena katatu, kenaka copondera ciuma. Pa mtsiko giya ikhale yaing'ono, ija mukanakwerera phiri lomwelo, kuti injini igwire galimoto ndipo mabuleki apume.

Tidziwa zimene ena adzayankha. Adzati ndalama ndi zocepa, ndipo n'zoona. Koma ndalama za malimu ndi wailesi zilipo pa pepala lija, ndipo zikwanira mafuta, mapaipi, mashuzi ndi masita. Ena adzati galimoto idzapita ku fitinesi, a RTSA ndiwo adzaona. Bungwe limeneli, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la mu 2002, liyeza galimoto pa tsiku limodzi, ili yopanda katundu ndipo mabuleki ali ozizira. Pa mtsiko, ndi matumba 20, woyeza sadzakhalapo. Pepala la fitinesi lifunika, ndipo posintha injini pitani mukalembetse kuti nambala yake igwirizane ndi ya m'buku la galimoto, koma pepala lomata pa galasi silinaimitsepo galimoto. Timapemphera tisananyamuke, ndipo ndi bwino kutero, koma amene apemphera ndi omwewo anaona mafuta akuda aja ndi kutseka boneti.

Kuyesa mabuleki sikufuna makina, ndipo akomiti angaimepo okha ndi kuona ndi maso ao. Galimoto ili ciimire, pondani buleki mwamphamvu kwa theka la mphindi. Copondera cikamatsika pang'ono-pang'ono, masita kapena paipi ili kudontha. Cikakhala cofewa ngati siponji, muli mpweya ndipo ufunika kucotsedwa. Kenaka pa mseu wa fumbi wa see, wopanda anthu ndi ziweto, yendani makilomita 30 pa ola ndi kuponda mwamphamvu. Tsikani mukaone mikwasa ya matayala. Akutsogolo ndiwo ayambe kukwekwereza, onse awiri mofanana, ndipo galimoto iime yolunjika. Ikayamba mbuyo, kapena ikakokera kumbali, ibwerere ku galaja. Citani zimenezi kawiri, yopanda katundu ndiponso ndi matumba 10. Mapadi ndi mashuzi atsopano afuna kuima mofatsa kangapo kuti akhazikike, conco ulendo woyamba usakhale wa ku mapiri.

Kwa anyamata aja tinena kuti nchito imene mwagwira ndi yaikulu, ndipo ambiri a ife sitingathe ngakhale kumasula wilo. Sitifuna kukufooketsani. Tifuna kuti dzina lanu lichuke cifukwa ca galimoto imene inatumikira parishi zaka zambiri. Kwa akomiti ndi abambo mfumu tipempha kuti pepala lija litembenuzidwe, mzere wotsiriza ukhale woyamba, ndipo pa citseko palembedwe ndi penti kuti matumba 10, kuti dalaivala akhale ndi coloza pamene mkulu wa mpingo ali kumukakamiza kuonjezapo asanu. Alimi amene muli ndi zigoba m'magalaja, funsani makanika wanu lero kuti pa ndalama munapereka, zingati zapita ku mabuleki.

Tamva kuti ulendo woyamba umene akonzera kavaneti kaja ndi wa kwaya, anthu 12 kumbuyo ndi ng'oma zao. Anthu 12 a makilogalamu 60 aliyense ndi makilogalamu 720, kuposa matumba 14 a cimanga, ndipo thumba silimaimirira kuti livine. Njira ya ku chalichi cimene apita tiidziwa bwino. Ili ndi mtsiko wautali wa miyala umene uthera pa kamlatho kopita galimoto imodzi, ndipo pa Sondo m'mawa pamakhala ana otungira madzi.